Apozi limodzi ndi majombo a ndowe

Galu wofufuza katundu pabwalo la ndege la ku Auckland, ku New Zealand, anali wamng'ono, wa makutu ogwa, atavala kajekete. Anabwera akugwedeza mchira, ananunkhiza sutikesi yanga n'kuipitirira. Atafika pa kachikwama kanga kakumsana, kamene ndinakaika pansi pafupi ndi mwendo, anangokhala pansi n'kumayang'ana mayi amene anagwira chingwe chake. Ine ndinaseka. Ndinkayesa watopa.

"Bambo, kachikwamaka ndi kanu?" anatero mayiwo.

"Ndi kanga, mayi."

"Muli chakudya chilichonse?"

"Mulibe. Ndawauza kale anzanu aja."

Anatulutsa kachakudya m'thumba n'kumupatsa galu uja, kenako anandipempha kuti nditsegule zipi zonse. M'kathumba kam'mbali, momwe ndimaika chaja ya foni, munali apozi. Limodzi lokha, lofiira, lokulungidwa m'kapepala kopukutira pakamwa. Anandipatsa mundege yoyamba pamodzi ndi chakudya cha m'mawa, ine n'kulisunga kuti ndidzadye njala ikandipweteka. Panadutsa ndege ziwiri, tulo ta pampando ndi tsiku lathunthu, ndipo apozilo linachokeratu m'mutu mwanga. Amati tsoka silinunkha. Langa linanunkha, galu n'kulimva.

Ine ndine mlimi wa ziweto. Ndimaweta nkhumba ndi ng'ombe zochepa za mkaka. Ulendo umenewu tinali kagulu ka alimi ndi alangizi a ziweto, tikupita ku New Zealand kukaona mmene eni ake amayendetsera mafamu a mkaka, ndipo kanali koyamba kuti ine ndipite kutali chotero. Popeza tinkapita kumafamu, ndinalongeza majombo anga ogwirira ntchito. Ndinawathira madzi, n'kuwapukuta pamwamba ndi kansanza mpaka kuwala, n'kuwakulunga m'pulasitiki. Mayi a kunyumba anawonjezeramo botolo la uchi loti ndikapatse amene akatilandire.

Titatsala pang'ono kutera mu mzinda wa Auckland, tinayamba kudzaza fomu yolowera m'dziko. Ndinkaganiza kuti ifunsa za mfuti, mankhwala ozunguza bongo ndi ndalama basi. Zimenezo zinalipo, koma mafunso ambiri anali a zinthu zimene munthu wamba sangaziganizire n'komwe. Kodi mwanyamula chakudya chilichonse, chophika, chachiwisi, chouma kapena cha m'paketi? Kodi muli ndi chilichonse chochokera ku nyama: mkaka, mazira, nthenga, zikopa, uchi? Nanga zomera: zipatso, njere, maluwa, masamba, zinthu zamatabwa kapena zoluka ndi udzu? Kodi muli ndi nsapato, tenti kapena zipangizo zimene zagwiritsidwapo ntchito kumunda kapena kutchire? Ndipo funso lina linkafunsa ngati m'masiku 30 apitawo munthu wakhudzapo ziweto kapena wafikapo pafamu.

Mkulu wina wa m'gulu lathu, amene anayendapo maiko angapo, anasuzumira fomu yanga n'kundinong'oneza.

"Achimwene, mafomu awa mumangochonga ayi monse. Mukachonga inde mwadziputira mavuto. Akusungani pamzere mpaka anzanu kukusiyani."

Sindinawamvere, ndipo ndisadzitame kuti zinali nzeru. Anali mantha. Mmene ndinkanyamuka n'kuti dzulo lake ndili m'khola la nkhumba, ndiye kulemba kuti sindinakhudze chiweto linali bodza lalikulu kwambiri moti dzanja linakana. Ndinachonga inde pa uchi, pa majombo ndi pa kufika pafamu. Pa chakudya ndi zipatso ndinachonga ayi, ndi mtima wonse, chifukwa m'mutu mwanga munalibedi chipatso.

Pochoka mundege kukafika pomwe amafufuza katundu pali mabini angapo, okhala ndi zithunzi za zipatso, nyama ndi maluwa. Ntchito yake ndi yoti munthu ataye chimene akukayika nacho, ndipo palibe amene angamufunse kanthu. Ndinawadutsa onse ndikuyang'ana zithunzizo ngati zokongoletsera khoma.

Bambo woyamba kundilandira anatenga fomu yanga n'kuyamba kubwereza mafunso omwe aja pakamwa. Anandifunsa za zipatso kawiri, kachiwiriko akundiyang'ana m'maso. "Kapena chimene anakupatsani mundege, bambo?" Ndinati ayi. Lero ndikaganiza ndimaona kuti munthuyo ankanditsegulira chitseko choti ndithawirepo, ine osachiona. Ananditumiza kumzere wa anthu amene aulula zinthu, kumene kuli matebulo aatali achitsulo.

Uchi sunatenge nthawi. Mtsikana amene ankaona katundu wanga anaunyamula, anawerenga pabotolo, n'kundiuza mwaulemu kuti sungalowe ndipo ukawonongedwa. Ndinafunsa kuti uchi walakwanji, poti ndi chinthu choti sichiola n'komwe. Anandifotokozera kuti kusaola kwakeko ndiye vuto. Uchi umatha kusunga tizilombo toyambitsa matenda opha ana a njuchi m'zisa, ndipo ena mwa matendawa, otchedwa European foulbrood, m'dziko lawo mulibe. Munthu akadya uchi n'kutaya botolo losatsuka, njuchi zimalipeza, zimanyambita zotsalazo n'kupita nazo kumng'oma. Kumeneko njuchi si za uchi wokha. Ndi zimene zimabereketsa minda ya zipatso ndi msipu wa ng'ombe. Anaona kale zakuda mu 2000 pamene kachilombo koyamwa njuchi kotchedwa varroa kanapezeka ku Auckland komweko, ndipo mpaka lero sikanachoke. Mphatso yanga inapita, koma sanandilipiritse kalikonse. Anandithokoza chifukwa choulula.

Kenako anamasula pulasitiki ya majombo.

Apa ndiye ndinachita manyazi. Mtsikanayo sanayang'ane pamwamba pomwe ndinapukuta paja. Anatembenuza jombo limodzi n'kuliunika kunsi ndi katochi, kenako anatenga kachitsulo kosongoka n'kukalowetsa m'mizere ya kuphazi. Munatuluka dothi louma lolimba ngati mwala, losakanikirana ndi ndowe. Analigwetsera pathireyi yoyera n'kuliphwanya. Munali timaudzu, njere ziwiri zitatu za zitsamba za kubusa, ndi kaubweya koyera kamene ndinakazindikira nthawi yomweyo kuti ndi ka nkhumba yanga. Khola langa lonse linali pathireyipo, litawoloka nyanja m'sutikesi.

"Mumaweta chiyani, bambo?"

Ndinamuuza.

"Munalowa liti komaliza m'khola?"

"Masiku atatu apitawa."

Analemba, osakwiya, osandinyoza. Anandifunsa ngati zovala zimene ndinavala m'kholamo zili m'sutikesi, ndipo anazitulutsa n'kuziona m'matumba ndi m'mipendero. Majombo anapita nawo kuseri, kumene ndinkamva madzi akuthira ndi burashi ikukwecha. Asanapite anandiuza kuti popeza ndakhudza ziweto posachedwa, ndisapite pafamu iliyonse kapena kuyandikira ziweto mpaka sabata itatha.

Chimene ankaopa ndinkachidziwa bwino, chifukwa woweta aliyense amachidziwa: matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Amagwira ziweto zonse za ziboda zogawanika, ng'ombe, nkhumba, nkhosa, mbuzi, ngakhale njati ndi agwape. Ng'ombe imatuluka matuza m'kamwa, palilime, pakati pa ziboda ndi kumawere. Imachucha dovu, imatsimphina, imasiya kudya, mkaka n'kuuma. Ziweto zazikulu zambiri sizifa nawo, n'chifukwa chake ena a ife timawaona ngati mliri wodutsa. Chimene sindinkachiganizira ndi chakuti kachilombo kake sikafuna ng'ombe kuti kayende ulendo wautali. Kamakhala moyo m'ndowe ndi m'dothi kwa masiku ngakhale masabata, makamaka kukamazizira ndi kunyowa. Kamakwera matayala a galimoto, zovala, zingwe, majombo. Kamabisala m'mafupa ndi m'nyama yosungidwa mufiriji. Dziko la New Zealand silinakhalepo ndi matendawa chiyambire, ndipo chuma chake chagona pa mkaka ndi nyama zimene limagulitsa kunja. Tsiku limene matendawa angapezeke pafamu imodzi, maiko ogula angatseke zipata zawo tsiku lomwelo, kwa alimi onse, odwala ndi osadwala omwe.

Ndili chikhalire pabenchi kudikira majombo, ndikudziyamikira mumtima kuti ndachita bwino kusamvera mkulu uja, ndi pamene galu anabwera.

Sindinagonje msanga. Ndinawauza kuti apozilo si lakwathu, landipatsa ndi ndege. Ndinawauza kuti munthu amene waulula ndowe sangabise chipatso. Ndinawapempha kuti angolitaya, kapena andilole ndilidye pompo aone. Bambo amene anaitanidwa kudzaweruza nkhaniyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandionetsa fomu yanga, chala chili pomwe ndinachonga ayi ndi pomwe ndinasaina.

"Tikukhulupirirani kuti munaiwala, bambo. Pafupifupi aliyense amene timamupeza nacho amakhala ataiwala. Koma ntchentche ikakhala m'kati mwa chipatsochi siidziwa kuti munaiwala."

Ankanena ntchentche za zipatso. Yaikazi imaboola khungu la chipatso ndi kuikira mazira m'kati, kabowo kake kochepa koti diso silingakaone. Kunja chipatso chimaoneka chabwinobwino pomwe m'kati mphutsi zikukula. Munthu akaluma n'kupeza mphutsi amachiponya patchire, ndipo mphutsizo zimalowa m'dothi n'kudzatuluka zili ntchentche. Mu 2015 ntchentche za mtundu wa ku Queensland, dera la ku Australia, zitapezeka m'dera la Grey Lynn ku Auckland, anthu a m'deralo anakhala miyezi yambiri osaloledwa kutulutsa zipatso ndi ndiwo zina zamasamba, akuluakulu akutchera misampha ndi kufufuza mitengo ya m'nyumba za anthu mpaka anazithetsa.

Chindapusa chinali madola 400 a ku New Zealand. Ndinalipira ndi khadi pomwepo, ndalama imene ndinkati ndigulire ana timphatso. Nditangomaliza, mtsikana uja anabwera ndi majombo anga m'thumba latsopano, onyowa, akununkha mankhwala, oyera kunsi kuposa tsiku limene ndinawagula. Ntchito imeneyo sanandilipiritse ngakhale senti.

Mkulu uja anali atatuluka kalekale, akumwa khofi panja. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka misozi. "Ndinakuuzani, achimwene." Usiku umenewo ndinagona ndikuganiza kuti mwina ananenadi zoona. Koma m'mawa mutu utazizira ndinawerengera bwino. Mabokosi atatu amene ndinachonga inde ananditayitsa botolo la uchi ndi ola limodzi. Bokosi limodzi limene ndinachonga ayi ndi limene linandidyera ndalama. Mkuluyo anadutsa chifukwa analibedi kanthu m'chikwama, osati chifukwa cha nzeru zake. Chikhala kuti ndinamumvera n'kuchonga ayi monse, majombo aja n'kuonekera pamakina ounikira katundu, nkhani yake sikanakhala ya kuiwala. Kubisa dala kumafikitsa munthu kukhoti, ndipo mlendo akhoza kubwezedwa pa ndege yotsatira.

Sabata yoyamba anzanga ena ankapita kumafamu, ine ndi anzanga awiri oweta tikutsala m'tauni. Nthawi imeneyo ndinaithera pa intaneti, poyamba ndikufuna umboni woti andilakwira. Ndinapeza zina.

Nkhani ya ku Britain ya mu 2001 ndinkaidziwa mwapatalipatali, kuti kunali mliri wa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Sindinkadziwa mmene unayambira. Matendawa anaonekera koyamba mu February chaka chimenecho pamalo ophera nyama ku Essex, koma atawalondola anapeza kuti gwero lake linali famu ya nkhumba ku Heddon-on-the-Wall, kumpoto kwa England, kumene nkhumba zinkadyetsedwa zotsala za m'malo odyera zosawiritsa. Ofufuza anaona kuti kachilomboka kayenera kuti kanalowa m'dzikomo kudzera m'nyama yochokera kunja imene inathera m'zotsalazo. Nkhumba ikadwala matendawa imatulutsa tizilombo tambirimbiri popuma, ndiye nkhosa za pafupi zinatengera. Nkhosa sizionetsa msanga kuti zikudwala. Zinagulitsidwa m'misika n'kumwazikana m'dziko lonse anthu asanadziwe. Mafamu oposa 2,000 anapezeka ndi matendawa, ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, milu ya mitembo ya ng'ombe ndi nkhosa inkatenthedwa m'minda, ndipo dzikolo linataya ndalama pafupifupi mapaundi 8 biliyoni. Ngakhale chisankho cha dziko chinasunthidwa kuchoka mu May kupita mu June.

Pamene ndinaleka kuwerenga n'kuyamba kuyendayenda m'chipinda ndi pa chigodola cha nkhumba. Matenda amenewa woweta nkhumba safuna kuwamva n'komwe. Akalowa m'khola amasesa pafupifupi zonse m'masiku ochepa, ndipo alibe mankhwala. Munthu sadwala nawo, n'chifukwa chake anthu amanyamula nyama yake mopanda mantha. Koma kachilombo kake n'kouma mutu: kamakhala miyezi m'soseji, m'nyama yowamba, yothira mchere kapena youmitsa, ndipo m'nyama ya mufiriji kamakhalitsa kuposa pamenepo. Matendawa anafotokozedwa koyamba ku Kenya mu 1921. Anatuluka mu Africa koyamba mu 1957, pamene anapezeka ku Portugal, ndipo njira yake inali zotsala za chakudya cha mundege zimene zinapatsidwa kwa nkhumba pafupi ndi bwalo la ndege la ku Lisbon. Mu 2007 analowa ku Georgia, ndipo akatswiri amaloza zinyalala za m'sitima zapamadzi padoko la Poti. Kuchokera pamenepo anayenda ndi nkhumba, nguluwe ndi nyama ya m'zikwama za anthu, kudutsa Russia ndi kum'mawa kwa Ulaya, mpaka mu August 2018 anafika ku China, dziko limene panthawiyo linali ndi pafupifupi theka la nkhumba zonse za padziko lapansi.

Chakudya cha mundege. Zotsala za m'malo odyera. Ine amene ndinkakangana ndi munthu chifukwa cha apozi la mundege, kwathu ndinali ndi mgolo umene mnyamata wanga wantchito ankatolera zotsala za m'malo odyera n'kukakhuthulira nkhumba, nthawi zina osaziwiritsa n'komwe nkhuni zikasowa. M'zotsalazo mumapezeka mafupa ndi zidutswa za soseji zimene sindinkadziwa kuti zachokera kuti. Ndinaimba foni usiku womwewo.

"Iwe, kuyambira mawa mgolo uja usaupatsenso nkhumba."

"Nanga zidya chiyani, bwana?"

"Gula chakudya cha m'matumba. Ndikabwera tidzakambirana."

Sabata itatha ndinayamba kupita nawo kumafamu. Pageti la famu yoyamba panali beseni la mankhwala ndi burashi, ndipo mwini wake, bambo wachikulire wa manja okhakhala, anaimirira pompo mpaka aliyense atakwecha nsapato zake. Anatilembetsa maina m'buku ndi kumene tinali dzulo lake. Titacheza anatiuza kuti kale sankachita zimenezi. Anayamba mu 2017, matenda a ng'ombe otchedwa Mycoplasma bovis atapezeka koyamba m'dzikomo, pa chilumba cha kummwera. Chaka chotsatira boma ndi alimi anagwirizana zowathetseratu, ndipo njira yake inali kupha ng'ombe zonse pafamu iliyonse imene yapezeka nawo, zoposa 150,000 zonse pamodzi. Mnzake wina anaona ng'ombe zimene banja lake linaweta ndi kusankha mbewu yake kwa zaka zambiri zikukwezedwa m'malole tsiku limodzi. Ndinamuuza za apozi langa ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti galuyo anagwira ntchito yake.

Sindikunena kuti zonse za pamalire ndimagwirizana nazo. Chindapusa chofanana kwa munthu woiwala ndi kwa munthu wosasamala chimandiwawabe, ndipo madola 400 kwa wolemera ndi kwa mlimi wamng'ono si ndalama imodzi. Ndimaonanso kuti malamulo a matenda nthawi zina amakhala khoma lotchingira misika, loti woweta wa m'dziko losauka sangalikwere ngakhale ziweto zake zili zathanzi. Komanso dziko la pachilumba lili ndi mwayi umene ena alibe. Kumene malire ndi mtsinje wowoloka ndi miyendo kapena kanjira ka m'munda, ng'ombe za mbali ziwiri zimamwera pamodzi, njati sizidziwa pasipoti, ndipo wamalonda amene akuthawa chilolezo amangodutsa njira zamadulira usiku. Zina zimauluka zokha. Mbozi yowononga chimanga ija yochokera ku America inapezeka koyamba kumadzulo kwa Africa mu 2016, pofika 2018 inali ku India, ndipo mu 2020 inalowa ku Australia komwe, ngakhale kuti kumeneko amafufuza alendo mwamphamvu.

Koma ulendo woyamba, wowoloka nyanja uja, tizilombo tambiri sitiuyenda tokha. Timanyamulidwa. Mliri wa ng'ombe wa rinderpest unalowa mu Africa cha m'ma 1887 kudzera padoko la Massawa ku Eritrea, ndi ng'ombe zimene Ataliyana anabweretsa, ndipo m'zaka khumi unafika kummwera kwenikweni kwa Africa utapha ng'ombe zambiri mwa zimene unazipeza. Mliri womwewo utabuka ku Belgium mu 1920, chifukwa cha ng'ombe zochokera ku India zimene zinaima padoko la Antwerp popita ku Brazil, maiko anaona kuti aliyense payekha sangathe. Mu 1924 anakhazikitsa bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse, limene lero limatchedwa WOAH, ndipo ndi kumene maiko amakanena matenda akabuka. Rinderpest inalengezedwa kuti yatheratu mu 2011. Zinatenga zaka zoposa 100 kukonza zimene sitima zochepa zinabweretsa.

Ndipo malamulowa amasintha ndi mphepo ya matenda, choncho zimene munaloledwa chaka chatha musazidalire. Mu 2022 zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi zitabuka ku Indonesia, dziko la Australia, limene linaona matendawa komaliza mu 1872, linaika mphasa za mankhwala zopondapo m'mabwalo a ndege, ndipo munthu wina wochokera ku Bali, chilumba cha ku Indonesia, analipitsidwa madola 2,664 a ku Australia mumzinda wa Darwin chifukwa cha timabanzi ta nyama ndi mazira timene sanaulule. Nditamva zimenezo ndinaona kuti ine anandichitira chifundo. Mu January 2025 matendawa anapezeka pa njati zoweta ku Germany, koyamba kuchokera mu 1988, kenako ku Hungary ndi ku Slovakia, ndipo mu April chaka chomwecho Britain inaletsa apaulendo kulowa ndi nyama ya ng'ombe, nkhosa, mbuzi ndi nkhumba kapena zamkaka zochokera m'maiko a European Union, ngakhale sangweji yogula pabwalo la ndege.

Masiku ano ndikamakonzekera ulendo wodutsa malire, kaya pandege kaya pabasi, ndimayamba ndi kuwerenga patsamba la boma la dziko limene ndikupitako, mbali ya zaulimi, osati kufunsa anzanga oyendayenda. Nsapato ndimazitsuka kuyambira kunsi, ndi burashi yolimba ndi kamtengo kotokosera m'mizere, n'kuziumitsa, n'kuziika pamwamba penipeni m'sutikesi kuti wofufuza asavutike. Majombo a m'khola sindiyenda nawonso. Kuli bwino kukabwereka kapena kugula komweko. Zovala za kuntchito zimachapidwa ndi madzi otentha. Munthu akandipatsira kaphukusi koti ndikapereke kwa m'bale wake, ndimakatsegula iye ali pompo, chifukwa pafomu posaina ndi ine. Chakudya cha mundege chimathera mundege. Ndege ikangotera, ndisanaimirire, ndimapisa dzanja m'thumba lililonse la chikwama ndi la jekete, ndipo ndikakhala ndi ana ndimapisanso m'zikwama zawo, poti ana ndi amene amasunga nthochi yoluma theka. Pafomu, chilichonse chimene ndikukayika ndimachonga inde. Safunsa anadya phula. Choipa kwambiri chimene chingachitike ukaulula ndi kulandidwa chinthucho, ndipo nthawi zambiri amangochiona n'kukubwezera.

Za mbewu ndinenepo pang'ono, chifukwa ife alimi ndi pamene timagwa. Ukaona chimanga chobereka bwino kapena udzu wa msipu wokongola kudziko la eni, dzanja limayabwa kuti utapeko njere zochepa m'thumba. Inenso linandiyabwa. Njira yake ilipo, koma imayamba usananyamuke: chilolezo cholowetsera mbewu chochokera ku unduna wa zaulimi wa dziko limene mbewuyo ikupita, ndi chikalata chochokera kudziko limene ikuchokera chotsimikiza kuti yayesedwa ndipo ilibe matenda kapena tizilombo, chimene chimatchedwa phytosanitary certificate. Ziweto zamoyo, anapiye, mazira oswetsa ndi umuna wa ng'ombe zimafunanso chilolezo ndi chikalata cha dokotala wa ziweto wa boma, ndipo nthawi zambiri chiweto chimasungidwa pachokha kwa masiku chisanasakanikirane ndi zina. Mapepalawa amachedwa ndipo amatopetsa. Koma zodula za chinangwa, mphukira za nthochi ndi mbatata zobisa m'chikwama ndi zimene zafalitsa matenda ambiri a mbewu kuchoka dziko lina kupita lina, ndipo woyamba kulira amakhala yemwe anabweretsayo, m'munda mwake momwe.

Pobwerera, usiku womaliza, ndinakhala m'bafa la kuhotela ndi burashi yotsukira mano yakale ndikukwecha majombo aja, chifukwa tsopano anali ataponda makola a eni. Palibe amene anandiuza, ndipo pofika sanandifunse n'komwe. Nditafika ndinakhala masiku angapo osalowa m'khola langa, mnyamata akudabwa kuti bwana abwera ndi ulesi wa kunja. Mgolo wa zotsala ndinausiyiratu. Anzanga amene sangakwanitse kuusiya ndimawauza kuti aziwiritsa zotsalazo kwa ola lathunthu, akutakasa. Nkhumba yogula kwina imakhala m'kakhola kakekake kwa mwezi isanaonane ndi zinzake. Pageti la khola ndinaika beseni la mankhwala ndi burashi, ndi majombo awiri a alendo.

Patapita miyezi ingapo mkulu uja anabwera kudzaona nkhumba yaimuna imene ankafuna kubwereka. Anatsika galimoto n'kulunjika kukhola, akulankhula pafoni. Ndinamuimitsa pageti.

"Akulu, mwachokera kuti?"

"Kumsika wa ziweto. Bwanji?"

"Vulani nsapatozo, valani awa. Mupondenso m'besenimo."

Anandiyang'ana, anayang'ana beseni, n'kuyamba kuseka kuseka kwake kuja.

"Achimwene, mwasanduka galu wa ku Auckland?"

"Eya. Ndipo yaimunayo siichoka pano. Ikapita kwanu siibweranso."

Anang'ung'udza, akuti apozi limodzi landisokoneza mutu. Kenako anatsamira mtengo wa geti n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.